Jimu si chidale chokha: pulogalamu yolimbitsa thupi imafuna chani kwenikweni?

[Kamera pakhonde. Pansi pali chigubu cha malita 20, mpando ndi chitsulo cha simenti]

Muli bwanji nonse, takulandirani. Mukalowa mu jimu za kuseri kwa nyumba zija, kaya ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi, mupeza anyamata ali pamzere kudikira benchi, chitsulo chake cha simenti youmbira m'zitini za penti. Lolemba chidale, Lachiwiri chidale, Lachitatu akatumba, ndiye munthu akavala kabudula miyendo yake ngati ya kakowa. Mbali inayi kuli achemwali athu, ma sit-up m'mawa uliwonse ati kamimba kachoke. Khama lilipo ndithu koma pulogalamu yake ndi yoperewera.

Tiyambe ndi mtima ndi mapapo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2020 linati munthu wamkulu azichita mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za masewera apakatikati, kapena 75 mpaka 150 ngati ali owefula kwambiri. Musaope nambalayo, 150 ndi mphindi 30 masiku asanu basi. Nanga mudziwa bwanji kuti ndi apakatikati? Ngati mukutha kuyankhula koma nyimbo simungaikwanitse, ndi pomwepo. Mukafika poti mawu awiri atatu kenako wefuwefu, amenewo ndi owefula aja. Kuyenda ndawala kumawerengedwa, kupalasa njinga, kulumpha chingwe, kulima, kukwera phiri la Soche Loweruka m'mawa. A kabaza gawo ili analimaliza kalekale, amene ndikunena ndinu a mu ofesi, minibasi pakhomo, mpando tsiku lonse, minibasi kubwerera.

Kenako mphamvu, ndipo apa ndikhalitsapo. Malangizo omwewo amati masiku awiri kapena kuposa pa sabata, minofu ikuluikulu YONSE, miyendo, chiuno, msana, mimba, chidale, mapewa ndi manja. Njira yosavuta yokumbukira ndi iyi, pa tsiku lanu pakhale chokankha, chokoka, chonjuta ndi chonyamula kuchokera pansi. Kukankha ndi ma push-up. Kukoka ndi kumene ambiri amadumpha, nchifukwa chake mumaona munthu chidale chili bho koma mapewa anapindikira kutsogolo.

[Akugwira chigubu]

Lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi, ndiye chigubu ichi chikadzaza ndi makilo 20, jimu ya ulere. Za kukoka zija, dzanja limodzi pampando, weramani msana uli wowongoka, kokerani chigubu cham'chiuno, tsitsani pang'onopang'ono osachigwetsa. Za squat, kunjuta kuja, onani apa. Mapazi mulingo wa mapewa, zidendene zisanyamuke, mpando uli kumbuyo, tsikani mpaka matako augunde pang'ono kenako dzukani, mawondo aziloza komwe zala za kumapazi zikuloza, asagwere mkati. Kasanu ndi katatu mpaka ka 12, mupume, mubwereze kawiri kapena katatu. Awiri omalizawo azikuvutani koma osafika popotoka thupi.

Tsopano chinthu chimene chimasiyanitsa amene amasintha ndi amene chaka chonse ali chimodzimodzi ndi kuwonjezera pang'onopang'ono. Thupi limazolowera. Mukayamba ndi malita 10 ndipo mwafika poti 12 mukumaliza uku mukucheza, thirani malita ena awiri. Wothamanga awonjezere mphindi zochepa, osati lero kilomita imodzi mawa khumi chifukwa mnzake waika pa WhatsApp. Ndipo muzilemba, m'kope kaya mufoni, mutu umanama aise.

Kupuma nakonso ndi mbali ya pulogalamu. Minofu imamangika mukamapuma, ndiye gulu la minofu limene mwalivutitsa lero lipatseni maola ngati 48, ndipo tulo tikhale maola 7 kupita m'mwamba. Kuphwanya kwa thupi kumene kumabwera tsiku lotsatira kapena lachiwiri lake, kuja mumalephera nako kutsika masitepe, ndi kwabwinobwino kumatha kokha. Koma ululu wobaya pa bondo, paphewa kapena pamsana ndi nkhani ina, siyani.

Za kamimba zija. Simungasankhe malo oti mafuta achoke. Ma sit-up amalimbitsa minofu ya pamimba koma mafuta ali pamwamba pake amachoka thupi lonse likamagwiritsa ntchito mphamvu zambiri kuposa zimene mukudya. Ndiye yang'anani mitanda ya nsima, masupuni a shuga mu tiyi, zakumwa zotsekemera, tchipisi cha pachiwaya ndi mowa wa pa weekend. Sindikuti musiye nsima, ine wondiuza zimenezo sindingamumvere. Chepetsani, ndiwo zamasamba zichuluke. Zomanga thupi tili nazo pamsika, usipa, matemba, nyemba, nandolo, soya, mtedza, mazira, dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6 a puloteni. Zitini zodula za ufa wa puloteni zija si zoyambira.

Musanayambe tenthetsani thupi mphindi 5 mpaka 10, kuyenda, kuzunguza manja ndi chiuno. Kudziwongola kokhalitsa kuja kuchiteni pomaliza thupi lili lotentha.

Komanso makolo athu tisawasiye. Kwa a zaka 65 kupita m'tsogolo, WHO imawonjezera masewera othandiza kuti asamadzandire, masiku atatu pa sabata, chifukwa kugwa pa msinkhu umenewo kumathyola chiuno. Agogo aimirire mwendo umodzi atagwira khoma, adzuke pampando osagwira, zing'onozing'ono zomwezo.

Ngati muli ndi BP, shuga, vuto la mtima kapena ndinu oyembekezera, kaonaneni kaye ndi achipatala akuuzeni poyambira. Ndipo aliyense akamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire ali mkati mochita, aime pompo.

[Pa sikirini pakuoneka masiku a sabata]

Kwa woyamba kumene sabata itha kukhala chonchi, Lolemba ndi Lachinayi chigubu, squat ndi ma push-up, Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachisanu ndawala mphindi 30, Loweruka ulendo wautaliko wa ola kapena mpira ndi anzanu, Lamulungu kupuma. Vidiyo yotsatira tiona push-up ya munthu amene sangakwanitse ngakhale imodzi, tidzayambira pakhoma.