Nyimbo Zofuna Kubwererako: Momwe Khutu Limazolowerera Jazz-Rock Fusion

[Wolankhula ali pa tebulo, mahedifoni ali m'khosi]

Moni nonse amene mwatsegula vidiyoyi. Lero tikambirana za nyimbo zomwe anthu ambiri akazimva koyamba amathamangira kuzimitsa. Mulibe woyimba ndi pakamwa, mulibe kolasi yoti muigwire, gitala ili pa liwiro lokhalokha, ng'oma zikukana kugwirizana ndi phazi lanu, ndipo nyimbo imodzi ikudya mphindi 7, ina mpaka 20. Nyimbo za mtundu umenewu amazitcha jazz-rock fusion. Ine ndimazikonda zedi, ndipo ndikufuna ndikuonetseni kuti chomwe chimamveka ngati chipwirikiti ulendo woyamba chili ndi dongosolo lake. Kungoti khutu limafuna kubwererako kangapo, ulendo uliwonse likudziwa chomwe likusaka.

Tisanapite patali, sinditha kuyika nyimbozi muno chifukwa zili ndi eni ake. Ndikatchula nyimbo, imitsani vidiyoyi, mukaisake pa YouTube kapena pa Spotify, kenaka mubwerenso. Komanso valani mahedifoni. Sipika ya foni imameza besi, ndipo m'nyimbo zimenezi munthu ukapanda kumva besi ndiye kuti wasochera usanayambe n'komwe ulendo.

[Pa sikirini: chithunzi cha Miles Davis atanyamula lipenga]

Nkhaniyi imayambira ku New York kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Achinyamata a ku America anali atatengeka ndi magitala a magetsi a Jimi Hendrix komanso mavinidwe a James Brown ndi Sly Stone, ndipo jazz inali itayamba kutaya omvera. Miles Davis, katswiri wa lipenga yemwe anali atatchuka kale kwa zaka zoposa 20, sanafune kukhala wakale. Anabweretsa piyano za magetsi, gitala ya magetsi ndi besi ya magetsi mu gulu lake. M'chaka cha 1969 anatulutsa chimbale cha In a Silent Way. Mu Ogasiti chaka chomwecho, kuyambira pa 19 mpaka pa 21, analowa mu situdiyo ya Columbia ndi chigulu cha oyimba n'kujambula Bitches Brew, chomwe chinatuluka mu 1970.

Anyamata omwe anayimba pa zimbale ziwirizi ndi omwe anafalitsa mayimbidwe atsopanowa. Joe Zawinul ndi Wayne Shorter anayambitsa gulu la Weather Report. Chick Corea anayambitsa Return to Forever. Herbie Hancock anatulutsa chimbale cha Head Hunters mu 1973. Ndipo John McLaughlin, woyimba gitala wochokera ku England, anayambitsa Mahavishnu Orchestra mu 1971. Gulu lomalizali ndi lomwe tikhalepo nthawi yaitali lero.

Tsono n'chifukwa chiyani nyimbozi zimavuta chonchi?

Nyimbo zomwe timamva tsiku ndi tsiku pa wailesi, m'minibasi ndi ku tchalitchi, zambiri zimayenda ndi kugunda kunayi kobwerezabwereza. Wani, thuu, firii, folo, n'kuyambiranso. Vesi ikatha mukudziwa kuti kolasi ikubwera. Ubongo wanu umakhala patsogolo pa nyimboyo pang'ono, ukulosera chomwe chikudza, ndipo chikadzadi mumamva kukoma. Kukoma kwa nyimbo kwambiri kumachokera pamenepo, pa kulosera ndi kupezeka kuti mwalondola, kapena kuphonya pang'ono mokoma. Oyimba fusion anachotsa zinthu zomwe ubongo umagwiritsa polosera. Mawu anachotsa. Kugunda kunayi kuja nthawi zina anasintha n'kuika 9, 10 kapena 18. Zambiri amapeka pomwepo akuyimba. Ndiye khutu lachilendo likafika limasowa pogwira, zonse zimaligwera pamodzi.

Izi si zachilendo kwa ife. Mlendo amene sanaonepo gule wamkulu akafika pabwalo, amangomva ng'oma zambirimbiri zikusokosa. Koma munthu amene anakulira pomwepo amasiyanitsa ng'oma iliyonse, amadziwa zomwe zikusunga mayendedwe osasintha, ndipo amamva mbalule ikulankhula ndi mapazi a wovina. Makutu awo ndi ofanana. Kusiyana kwake n'koti winayo wazimva kambirimbiri mpaka akudziwa poyang'ana.

Akatswiri a za maganizo a munthu anafufuzapo zimenezi. Mu 1968, Robert Zajonc wa ku yunivesite ya Michigan anaonetsa kuti munthu akamakumana ndi chinthu chachilendo mobwerezabwereza, amayamba kuchikonda kuposa poyamba, ngakhale palibe wamuuza kuti n'chabwino. Zimenezi n'zoona, koma kwa ine n'zosakwanira. Mukangoyatsa Mahavishnu Orchestra uku mukuchapa kapena mukucheza pa WhatsApp, khutu lizolowera phokosolo, inde, koma simulowa m'kati mwake. Kubwereza komwe ndikunena ndi kwa munthu amene wakhala pansi ndi ntchito imodzi yoti achite.

[Pa sikirini: chikuto cha chimbale cha The Inner Mounting Flame]

Tiyeni titenge nyimbo imodzi tiisende bwinobwino. Dzina lake ndi "The Dance of Maya", ya pa chimbale choyamba cha Mahavishnu Orchestra, The Inner Mounting Flame, cha 1971. Oyimba ndi asanu, aliyense wobadwira dziko lake: McLaughlin pa gitala, Billy Cobham wobadwira ku Panama pa ng'oma, Jan Hammer wa ku Prague pa piyano, Rick Laird wa ku Dublin pa besi, ndi Jerry Goodman wa ku Chicago pa vayolini. Nyimboyi ndi ya mphindi 7 ndi kakusefukira pang'ono.

Ulendo woyamba musachite chilichonse. Ingomvani kuyambira poyamba mpaka pomaliza osadumpha. Mwina ikuopsani, mwina ikutopetsani. Palibe vuto. Chokhacho chomwe ndikupempha n'choti muzindikire kuti nyimboyi ili ndi nkhope ziwiri. Imayamba ndi gitala yolemera, yamdima, ikukwera pang'onopang'ono ngati ikuchenjeza za chinachake. Kenaka pakati pake imasintha n'kukhala blues yovinika, yonga ya m'mabala a ku America. Mukagwira zimenezo zokha, ulendo woyamba waphula kanthu.

Ulendo wachiwiri, makamaka tsiku lina, tsatirani gawo loyambalo basi. Iwalani vayolini, iwalani ng'oma zikalowa. Gitala ndi besi zikubwereza kanjira kamodzi komweko. Gwedezani mutu motsatira kugunda kwake n'kumawerenga. Mupeza kuti sikabwerera poyambira pa 4 kapena pa 8. Kamabwerera pa 10. Mukangoligwira 10 ameneyu, mantha aja amachepa, chifukwa tsopano mukudziwa pomwe chitseko chili.

Ulendo wachitatu ndi wa blues ija, ndipo apa ndi pomwe pali zokoma. Mukamaimva mumaganiza kuti muvina bwinobwino, koma pakapita kamphindi phazi lanu limaphonya, ngati wina wakusunthirani pansi. Sikuti oyimbawo alakwitsa ayi. Tiyeni tiombe m'manja limodzi kuti mumve chomwe chikuchitika. Ku South India, komwe kunachokera kawerengedwe ka ng'oma kamene McLaughlin anakaphunzira kwambiri, amawerenga ndi pakamwa: ta-ki-ta pa zitatu, ta-ka pa ziwiri. Ife tigwiritse ntchito mawu athu. Chi-ma-nga, zitatu. Nsi-ma, ziwiri. Nenani chimanga kasanu n'kamodzi, nsima kamodzi, osapuma, liwiro limodzimodzi, n'kumaomba m'manja poyambira pa liwu lililonse.

[Wolankhula akuomba m'manja, manambala akuoneka pa sikirini]

Chimanga, chimanga, chimanga, chimanga, chimanga, chimanga, nsima. Chimanga, chimanga, chimanga, chimanga, chimanga, chimanga, nsima.

Mwamva kudzidzimutsa kuja pa nsima? Dzanja limayembekezera chimanga china, koma chimabwera chachifupi, ndipo mwabwerera kale poyambira. Tiwerengetsere: zitatu kuchulukitsa ka 6 ndi 18, kuonjezapo 2, zonse 20. Tsono kumbukirani 10 wa gawo loyamba uja. Kugunda kulikonse kwa 10 ameneyo mukakugawa pawiri, mupezanso 20. Ndiye kuti nkhope ziwiri zija, zomwe zimamveka ngati nyimbo ziwiri zosadziwana, zimatenga nthawi yofanana ndendende kuti zibwerere poyambira.

Ulendo wachinayi pitani nazo zimenezi kumapeto kwa nyimbo. Gitala yamdima ya poyamba ija imabwereranso, koma Cobham sasiya blues yake pa ng'oma. Ziwirizo zimayenda pamodzi, china pamwamba pa chinzake, zimasiyana njira pakati, n'kukakumana pa kugunda koyamba, n'kusiyananso, n'kukumananso. Ulendo woyamba uja malo amenewa ndi omwe anamveka osokonekera kuposa onse. Tsopano ndi pomwe thupi limachita tsembwe. Nyimbo yonse inali kukonzekera mphindi imeneyi, ndipo kuti muimve munayenera kudziwa kaye mbali iliyonse payokha. Palibe khutu, ngakhale la katswiri, lomwe lingagwire zonsezi pa ulendo umodzi.

Mukafika pamenepa siyani kuwerenga. Masamu aja anali ongokuthandizani kupeza poponda. Tsopano mverani anthuwo. Mverani momwe gitala ndi vayolini zimayimbira mzere umodzi pamodzi mpaka kuvuta kuzisiyanitsa. Mverani Laird pa besi, yemwe sadzionetsera n'komwe, koma akanangotsetsereka pang'ono nyumba yonse ikanagwa. Ine ndimaona kuti iyeyu ndi amene anthu samuyamika mokwanira m'gululi.

[Pa sikirini: tepi ya mu situdiyo ikuzungulira]

Nyimbo za Miles Davis zimafuna njira ina, chifukwa vuto lake si kawerengedwe koma kuchuluka kwa anthu. Pa "Pharaoh's Dance", nyimbo ya mphindi 20 yotsegulira Bitches Brew, muli ng'oma za anthu awiri, besi ziwiri ndi piyano za magetsi zitatu, osawerengera gitala, zitoliro ndi lipenga la mwini wake. Apa ndi pomwe mahedifoni amagwira ntchito yake. Pa ng'oma, Lenny White ali ku khutu la kumanzere, Jack DeJohnette ku khutu la kumanja. Pa piyano, Zawinul kumanzere, Corea kumanja. Ulendo umodzi tsatirani kumanzere kokha, ulendo wina kumanja kokha. Kenaka sakani Bennie Maupin, yemwe akuliza chitoliro cha mawu a pansi chotchedwa bass clarinet, akuyendayenda kunsi kwa onse. Anthu ambiri samuzindikira poyamba, koma mukangomumva simungathenso kusamumva.

Pali chinthu china chomwe chimandisangalatsa pa zimbale za Miles zimenezi. Oyimba aja sanapatsidwe nyimbo yolembedwa yonse. Amapatsidwa tizidutswa, Miles n'kumawalozera poyamba ndi posiya, tepi ikuzungulira. Pambuyo pake wokonza zimbale, Teo Macero, amatenga lumo n'kumadula tepiyo, kulumikiza, ndi kubwereza zigawo zina. Pa In a Silent Way anatenga gawo loyamba la nyimbo n'kuliikanso kumapeto momwe linalili, osasintha kanthu. Mukafika kumapetoko mumamva gawo lomwelo mosiyana, chifukwa mwadutsa zapakati zija. Kubwereza komwe tikukambaku kuli kale m'kati mwa chimbalecho.

Ndinene chilungamo pa mfundo imodzi. Si nyimbo iliyonse ya fusion yomwe ingakubwezereni nthawi yanu. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ena anasandutsa mayimbidwewa kukhala mpikisano wa zala, aliyense kufuna kuonetsa kuti amathamanga kuposa mnzake. Zoterozo mukazimva kachitatu zimakhala zatha, mulibenso chatsopano. Muyeso wake ndi wosavuta. Ngati ulendo uliwonse mukupeza kanthu komwe simunakamve kale, pitirizani. Ngati mwayesa ndi mtima wonse ndipo nyimboyo ikungouma, isiyeni, palibe amene akukulembani mayeso. Ndipo musalole munthu akuuzeni kuti nyimbo zovuta n'zapamwamba kuposa zomwe mumavina pa ukwati. Ntchito zake n'zosiyana.

Kwa amene mukuona kuti "The Dance of Maya" yakula poyambira, pali makomo ena ofewerapo. Pa chimbale chomwecho pali "You Know, You Know", nyimbo yodekha yomwe imabwereza kamzere kamodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, n'kumasiya mipata yomwe Cobham amaidzaza pang'onopang'ono. Pa Head Hunters pali "Chameleon", ya mphindi zoposa 15, koma besi yake, yomwe Hancock anaiyimba pa kiyibodi, mudzaigwira musanathe mphindi imodzi ndipo idzakuperekezani. Pa chimbale chomwechonso mverani chiyambi cha "Watermelon Man". Kulira kuja ndi Bill Summers akuuzira m'botolo la mowa, kutsanzira mayimbidwe a hindewhu a anthu a m'nkhalango za pakati pa Africa. Ndipo ngati mumakonda besi, pitani ku chimbale cha Heavy Weather cha Weather Report, cha 1977, mukamve Jaco Pastorius akuyimbitsa besi ngati munthu pa "A Remark You Made".

Sankhani nyimbo imodzi yokha mwa zimenezi sabata ino, osati chimbale chonse. Muimve madzulo aliwonse kamodzi, foni ili chafufumimba, ndipo musanayatse muzisankhiratu chida chimodzi chomwe mutsatire tsiku limenelo. Mukatha, ndilembereni pansipa nyimbo yomwe munasankha, chida chomwe chinakuvutani kuchipeza, ndi mphindi yeniyeni pomwe munachimva koyamba.