Usanakwere sitima ya ku Antarctica, yesa katundu wako

Mphwanga, ndine malume ako. Netiweki ikuvuta kuno ku Dedza, ndiye ndangoti ndijambule mawu, umvere ukapeza mpata.

Mayi ako akuti katundu akupatsani kale ku Cape Town, mukungodikira sitima ya S.A. Agulhas II mu Disembala. Tsono usadzinamize kuti poti unakulira m'tsinde mwa phiri la Dedza, kuzizira ukukudziwa. Chisanu chathu cha mu Juni ndi masewera. Ku Vostok, siteshoni ina ya ofufuza ku Antarctica komweko, mu 1983, kunazizira mpaka madigiri -89.2. Ku SANAE IV, siteshoni ya South Africa, nthawi imene mukupitayi sikufika pamenepo, komabe mphepo yake siiseka ndi munthu.

Yamba wavala magolovesi okhuthala aja, ndipo usawavule mpaka utamaliza kuyesa zonse. Tsegula zipi iliyonse. Imene ikukuvuta kugwira, imangirire kachingwe. Imika tenti uli nawo m'manja, kawiri katatu, uyang'ane mitengo yake ngati ilibe mng'alu. Chimene chikufuna chala chosavala, kumeneko chikakuliza, chifukwa chitsulo chimamatirira pakhungu.

Pa sitovu ndikhalitsepo. Kumeneko madzi akumwa mumachita kusungunula chipale, ndiye sitovu ikafa, ludzu layamba. Gasi wa butane amakana kuyaka kukazizira kwambiri, n'chifukwa chake amadalira mafuta amadzi. Sitovuyo imasule yonse, uimangenso, uone timphira take ngati sitinaume, utenge tina tapadera. Botolo la mafuta ulitseke, uligoneke chozondoka pa nyuzipepala usiku wonse. M'mawa pakapezeka kadontho, kalibweze. Mngelezi Robert Scott ndi anzake mu 1912, pobwerera kuchokera pakati pa Antarctica (South Pole), ankapeza zitini za palafini zoperewera, chifukwa tizikopa totsekera pakamwa tinali titawonongeka. Kanthu kochepa ngati batani la malaya, iwe! Ndipo pophika m'tenti siya mpata wa mpweya. Ukudziwa zimene mbaula imachita m'nyumba yotseka.

Zovala za thonje zisiye, ngakhale juzi ija unagula pa kaunjika pa boma. Thonje limasunga thukuta, thukutalo n'kuzizira pathupi. Jombo uziyese utavala masokosi onse, zala zizisewera. Zikathina, magazi sayenda. Mabatire akhale a lithium, uziwasunga m'thumba lamkati. Magalasi adzuwa awiri, poti dzuwa silimalowa ndipo chipale chimathobwa m'maso.

Eya, ndikanaiwala. Chikwama chimene unabwera nacho kuno, chija unapita nacho kumunda, chikutumule bwinobwino. Pangano la ku Madrid la 1991 limaletsa kulowetsa zomera zachilendo kumeneko, ndipo amafufuza. Yang'ana m'matumba, m'misoko, pansi pa nsapato. Chisoso chimabisala, uchizule ndi singano kamodzikamodzi.

Ukamasula sitovuyo unditumizire chithunzi. Agogo ako akupereka moni, akuti utenge chipewa chimene anakulukira.