Mwana wobadwa ndi mkono wofooka: zochita kunyumba ndi zosamala nazo

Moni makolo nonse amene mukumvera. Lero tikambe za mwana amene wabadwa mkono umodzi uli lende, wosapindika pachigongono, dzanja litatembenukira kumbuyo. Madokotala amati Erb's palsy. Chimachitika n'chakuti pobadwa, makamaka ngati mwana ndi wamkulu thupi kapena phewa linakakamira potuluka, mitsempha yochokera m'khosi kupita kumkono imakokeka. Sindikunena mitsempha ya magazi ayi, koma ija yonyamula mauthenga kuchokera ku ubongo. Ilipo isanu. Ikavulala iwiri ya pamwamba, phewa ndi chigongono ndizo zimafooka, pomwe zala zimagwira ndithu.

Ana ambiri amachira okha. Koma mtsempha umamera pang'onopang'ono kwambiri, pafupifupi milimita imodzi pa tsiku, ndipo palibe kusisita kapena mafuta amene angaufulumizitse. Ndiye ntchito yanu ndi iti? Ndi iwiri. Mfundo za mkono zisaume pamene mtsempha ukubwera, komanso mwana asauiwale mkonowo.

Musanayambe, a chipatala aone kaye ngati fupa lija lopingasa pakati pa khosi ndi phewa silinathyoke, chifukwa nthawi zina zimachitikira limodzi. Akakulolani, nthawi zambiri pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, yambani mafizo.

Tsono tcherani khutu apa, chifukwa ndi pamene ambiri amadumpha. Goneketsani mwana chagada. Chigongono chake chigunde nthiti, chisachoke pamenepo. Pindani mkono pachigongono kuti dzanja liloze kumwamba. Kenako, pang'onopang'ono, kankhirani dzanjalo kunja ngati mukutsegula chitseko, chigongono chili pomwepo panthiti. Mukamva kuti zalimba, imani, werengani mpaka 10, bwererani. Chitani manja onse awiri nthawi imodzi kuti muone kusiyana kwake. Chifukwa chake n'ichi: minofu yotembenuzira mkono mkati imakhala yamphamvu, yotembenuzira kunja ndi imene yafooka, ndiye phewa limakokedwera mkati tsiku ndi tsiku mpaka mfundo ya phewa imakula yopotoka. Zikafika pamenepo, mafizo okha sakwanira.

Zina n'zosavuta. Kwezani mkono kumwamba mpaka pafupi ndi khutu, dzanja lanu lina litagwira fupa la kumsana kwa phewa kuti lisatsatire. Pindani ndi kuwongola chigongono, tembenuzani chikhatho chiyang'ane kumwamba. Chitani izi nthawi iliyonse mukamusintha thewera, simudzaiwala. Osakoka, osagwedeza. Akalira chifukwa cha ululu ndiye kuti mwapitirira.

Tsopano njira zina zimene mumazimva pa intaneti. Pali ya Feldenkrais, yoyambitsidwa ndi Moshe Feldenkrais, ndi ina ya wophunzira wake Anat Baniel. Amayendetsa mwana mofatsa kwambiri, timayendedwe ting'onoting'ono, kuti ubongo uzindikire chiwalocho. Kufatsako ndimakukonda, ndipo kholo lingaphunzirepo kusafulumira. Koma umboni wolimba woti zimachiritsa vutoli palibe, ndipo wina akakuuzani kuti musiye kutambasula phewa kapena musapite kwa dokotala wa opaleshoni, tulukani pakhomo pake.

Madzi ndi abwino. M'madzi mkono umapepuka, ndiye mnofu wofooka umene sungakweze mkono pamphasa umatha kuukweza m'bafa. Madzi ofunda pang'ono, inu mutamugwira, muzimulola amenye madzi ndi manja onse. Kumbukirani kuyesa kutentha kwake ndi dzanja lanu, chifukwa mkono wovulalawo mwina sukumva bwino, angapse osalira. Pali matepi omata pakhungu aja a kinesio, amene anayambitsa Kenzo Kase wa ku Japan m'zaka za m'ma 1970. Ena amati amathandiza kuti phewa likhale pamalo, koma amate ndi wa mafizo, ndipo khungu likafiira achotseni.

Njira imene ndimaiona kuti ili ndi nzeru ndi yophimba dzanja labwino. Mwana akayamba kuyendetsa mkono wofookawo pang'ono, amaona kuti winawo ndi wachangu, basi amausiya wofookawo. Ndiye mumveke sokosi kudzanja labwino kwa kanthawi kochepa pamasewera, chidole muchiike mbali yofookayo. Inu muli pomwepo, ndipo akatopa vulani. Kwa khanda, ingomupakani mkonowo ndi nsalu zosiyanasiyana, yofewa, yokhakhala, mumuonetse dzanja lake, mulifikitse kukamwa. Muzimugoneka chafufumimba ali maso kuti atsamire pazigongono zonse. Pomuveka malaya yambani ndi mkono wofooka, povula muumalizire. Ndipo musamunyamule pomukoka manja, uzaninso onse a pakhomo.

Chomaliza, ndipo ichi musachitenge mopepuka. Mwana akakwana miyezi 3 asanayambe kupinda chigongono yekha, kufikitsa dzanja kukamwa, apite kwa katswiri. Chimodzimodzi ngati mkono wonse ndi zala zomwe sizikuyenda, kapena chikope cha diso la mbali yomweyo chagwa, pamenepo musadikire n'komwe miyezi itatuyo, chifukwa zimasonyeza kuti mtsempha mwina unazuka. Opaleshoni yolumikiza mitsempha imachitika mwana asanakwanitse chaka, nthawi zambiri pakati pa miyezi 3 ndi 9, ndipo mnofu ukakhala nthawi yaitali wopanda mtsempha sudzukanso. Mwezi uliwonse jambulani kavidiyo kakafupi pafoni mwana akusewera chagada, manja onse akuoneka, mukawaonetse a mafizo tsiku lokaonana nawo.