Kutsuka zinyalala ku Dublin

Moni nonse omvera, a ku Ngabu, a ku Bangula mpaka ku Nsanje. Lero sindikulankhula ndili ku Dublin ayi, ndabwera kutchuthi, ndili pakhonde pa amayi kuno ku Nchalo, thukuta lili kamukamu. Mukamva mbuzi ikulira musadabwe.

Dzulo amayi anandipeza ndikutsuka chitini cha nsomba. "Ukufuna uikemo chiyani, mwanawe?" Ndinati ndikukataya kudzala. Anangogwira pakamwa.

Chizolowezi chimenechi ndinachitengera ku Dublin, likulu la dziko la Ireland. Kumeneko nyumba yomwe ndimakhala ili ndi mabini atatu. Wobiriwira ndi wa mapepala, makatoni, zitini ndi mapulasitiki, zoti akazikonzenso. Wabulawuni ndi wa makoko ndi zakudya zotsala, amakapangira manyowa. Wakuda ndi wa zina zonse. Mabotolo agalasi umakasiya wekha pamalo ake. Usiku umakankhira bini kumsewu, m'mawa galimoto imadzakhuthula. Ndiye si zaulere, abale anga, ndi makampani, umalipira kuti akutengere zinyalala zako zomwe.

Nditangofika kumene ndinachita manyazi. Ndinamanga zonse m'jumbo limodzi, zitini zamafutamafuta, makatoni, ngakhale mkute wa nsima, n'kuponya mu wobiriwira. Pobwera ku ntchito ndinapeza bini yathu yokha ili chidzazire, atamatapo kapepala. Mayi wina woyandikana nafe ndi amene anandilangiza: za mu wobiriwira zikhale zotsuka, zouma, zosamanga m'jumbo. Mafuta akanyowetsa makatoni, katundu yense waonongeka. Mkutewo unandiwawa mwapadera. Kuno sukanafika n'kudzala komwe, ana akanaudya m'mawa, zinyenyeswa n'kutola nkhuku.

Mu February 2024 ku Ireland anayambitsa zoti ukagula chakumwa cha m'botolo lapulasitiki kapena m'chitini uziwonjezera masenti 15, kapena 25 likakhala lalikulu. Ukabweza m'makina a kusitolo, ndalama yako imabwerera. Anzanga a ku ntchito ankaziona zachilendo. Ine ndinangoseka, pokumbukira mmene a pagolosale ankatikanizira kuchoka ndi botolo la Fanta popanda kusiya lina.

Chomwe chikutigonjetsa kuno ndi majumbo opyapyala aja. Boma linawaletsa mu 2015, koma m'mawa uno ndawaona atakola paminga njira yonse yopita kumsika, ndipo mbuzi ikameza basi, mwini wake alire.

Chitini chija amayi anandilanda. Pano chili pansi pa nkhokwe, anapiye akumweramo madzi.