Mabuku onena za autism mwa amayi: tisankhe ati?

A mfumu, amayi ndi abambo, zikomo pondilandiranso kuno ku Salima. Ulendo watha titakamba za ana a autism, umene ndi mkhalidwe wa kakulidwe ka ubongo wokhudza mmene munthu amachezera ndi anzake ndiponso mmene amamvera zinthu monga phokoso, mayi wina anandikokera pambali n'kunena motsitsa mawu kuti, "Zimene mwafotokozazo ndi ineyo, koma ndine wamkulu, ndili ndi ana atatu." Anafuna buku loti awerenge. Lero ndabwera chifukwa cha iyeyo.

Mabuku akale sangamuthandize kwenikweni, ndipo chifukwa chake chilipo. Dokotala Leo Kanner atalemba za autism mu 1943, ana amene anawafotokoza anali 11, ndipo atsikana anali atatu okha. Mu 1944 Hans Asperger anafotokoza anyamata anayi. Kuchokera pamenepo madokotala anazolowera kufunafuna zizindikiro za mnyamata. Mtsikana anangodutsa osaoneka.

Ndiye taganizani kwathu kuno. Mtsikana wosayang'ana akulu m'maso, wofatsa, wosakonda macheza, timamuyamikira kuti analeredwa bwino. Akakula amaphunzira kutengera anzake: kuseka pamene akuseka, kuloweza malonje, kupirira phokoso la kuchigayo kapena pamsika wa Kamuzu Road ngakhale likumulasa m'mutu. Akachoka pa chinkhoswe amafika kunyumba atatheratu, n'kudzitsekera m'chipinda. Apongozi amati ndi wamwano. Ena amati analodzedwa. Zimandipweteka, chifukwa mayiyu watopa ndi kubisa, ndipo buku labwino liyenera kunena za kubisa kumeneku. Mukalitsegula, yang'anani mitu yake. Ngati muli za ana okhaokha, mulibe za banja, ntchito, pakati kapena kulera, libwezeni pashelefu.

Ine ndimakonda mabuku olembedwa ndi amayi amene ali ndi autism eniake. Temple Grandin wa ku America, wobadwa mu 1947, analemba Thinking in Pictures mu 1995, ndipo akufotokoza kuti amaganiza m'zithunzi. Ntchito yake ndi yokonza makola ndi njira zodutsamo ng'ombe, choncho alimi muli panonu mumumva msanga. Sarah Hendrickx wa ku Britain anatulutsa Women and Girls with Autism Spectrum Disorder mu 2015, lomwe limayenda ndi mkazi kuyambira ali mwana mpaka ukalamba. Kwa mayi uja, ndinatchula limeneli.

Onaninso chaka. Mu 2013 akatswiri a ku America anaphatikiza dzina loti Asperger, limene ankatchulira mtundu wina wa autism, m'gulu limodzi la autism, ndiye mukalipeza m'buku lakale musasokonezeke. Koma buku lolonjeza mankhwala ochiza, kapena lonena kuti katemera ndiye amayambitsa autism, lisiyeni. Kafukufuku wa mu 1998 amene anabweretsa mphekesera ya katemerayo anachotsedwa mu 2010 atapezeka kuti anali wachinyengo.

Mabukuwa ali m'Chingerezi, ndikudziwa. Lembani dzina la wolemba papepala, mukafunse ku laibulale ya National Library Service, kapena mutume wachibale wa ku Lilongwe. Buku silipima munthu, zimenezo ndi za achipatala, ndipo a St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu amaona za maganizo. Aphunzitsi athu avomera kuti buku likapezeka tizikhala pansi pa mtengo uno Loweruka masana, iwo akuwerenga ndi kumasulira mutu umodzi umodzi. Amene mukufuna, perekani mayina kwa alembi tisanabalalike.