Asoke Bala Basi? Zimene Madokotala a ku Casualty Amaganiza pa Ntchito Yopewa Matenda

[Wofotokoza ayang'ana kamera]

Tiyerekeze kuti ndi Loweruka, 1 koloko usiku. Bambo wina wafika kuchipatala ali ndi bala pamutu, mowa uli guu. Adokotala amusoka, magazi asiya kutuluka. Kodi ntchito yawo yathera pomwepa? Kapena amuyezenso HIV, BP ndi shuga, amufunse za kamwedwe kake, alembenso malo amene wamenyedwerawo?

Akatswiri oona za umoyo wa anthu onse amati achite zonsezo, ndipo chifukwa chawo n'chomveka. Alipo anthu, makamaka amuna, amene sapita kuchipatala pokhapokha atachita kunyamulidwa. Mayi amayezedwa kusikelo, mwana amabayidwa katemera, koma bambo wa zaka 30 mukamupeza kuti? Mukamupeza ku casualty, gawo la ngozi ndi matenda adzidzidzi. Ku America, lamulo la 1986 limakakamiza gawoli kuona munthu aliyense, kaya ali ndi ndalama kaya alibe, motero osauka ambiri khomo lawo lolowera kuchipatala ndi lomweli. N'chifukwa chake mu 2006 bungwe la boma la America loona za matenda, la CDC, litalangiza kuti aliyense wa zaka 13 mpaka 64 aziyezedwa HIV akafika kuchipatala pokhapokha atakana, gawo la ngozi linali pa mndandanda.

Nanga eni ake ntchitoyo amati chiyani?

Mukawafunsa ngati kupewa matenda n'kofunika, ambiri savuta kuvomera. Ndi iwo amene amasoka munthu yemweyo kachitatu, ndiye amadziwa bwino kuposa tonsefe. Koma mukafunsa kuti, "Ndiye muziyeza ndinu?" manja amene anakwezedwa aja amayamba kutsika.

Chachikulu ndi nthawi. Ku England, mwachitsanzo, zipatala zimayesedwa poona ngati wodwala wathandizidwa n'kutuluka m'gawoli pasanathe maola anayi. Mphindi khumi zocheza ndi munthu za mowa ndi mphindi khumi zimene wina wobanika akudikira pabenchi. Palinso vuto la malo: mungafunse bwanji mayi ngati akumenyedwa kunyumba, pamene pakati pa iye ndi wodwala mnzake pali katani yokha, mwinanso womumenyayo ndi amene waima apo atanyamula chikwama chake?

Koma chimene chimawasowetsa mtendere kwambiri ndi ichi: ukafunsa, yankho limakhala katundu wako. Wayeza magazi, zotsatira zatuluka mawa, munthu uja anapita kale, foni yake siikupezeka. Amulondola ndani? Mayi uja waulula zonse, iwe ulibe koti umutumize usiku umenewo. Wamuthandiza kapena wangomutsegula chilonda? Pamenepa ine ndili kumbali ya madokotala. Kufufuza vuto popanda kokamutumiza munthu n'kungodzaza mafomu.

[Mapu a mzinda wa Cardiff]

Tsopano onani zimene zinachitika ku Cardiff, ku Wales. Jonathan Shepherd ndi dokotala wopanga maopaleshoni a nkhope ndi nsagwada. Atakonza nkhope zambirimbiri zochekedwa ndi matambula ndi mabotolo, anafufuza n'kupeza kuti ambiri mwa omenyedwa amene amafika kuchipatala nkhani zawo sizifika kupolisi. Ndiye kuti apolisi ankalondera mzinda atagwira theka la mapu, theka lina lili kuchipatala.

Zimene anayambitsa m'zaka za m'ma 1990 n'zosavuta. Wovulala akafika, wolembera odwala pakhomo paja amamufunsa mafunso ochepa: mwamenyedwera pati, nthawi yanji, ndi chida chanji. Mayina amachotsedwa, zotsalazo zimapita kwa apolisi ndi khonsolo ya mzinda. Iwo akaona kuti malo omwera mowa akutiakuti ndiwo akutumiza anthu kuchipatala sabata iliyonse, amasintha kalonderedwe, amaunikanso chiphaso cha mwini malowo, amalimbikitsa matambula apulasitiki kapena osasweka wamba. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya zachipatala ya BMJ mu 2011 anapeza kuti ogonekedwa m'chipatala chifukwa cha ndewu anatsika kuchoka pa 7 kufika pa 5 pamwezi mwa anthu 100,000 alionse, pamene m'mizinda yofanana nawo anakwera kuchoka pa 5 kufika pa 8.

Mwaona pamene pali nzeru? Dokotala sanawonjezeredwe ntchito ngakhale imodzi, koma mzere wake wa Loweruka unafupika.

England inachitanso chimodzimodzi ndi HIV. Kuyambira April 2022, m'zipatala za ku London, Manchester, Brighton ndi Blackpool, munthu wamkulu akatengedwa magazi ku casualty pa chifukwa chilichonse, amayezedwanso HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B ndi hepatitis C pokhapokha atakana. Palibe mafunso ochititsa manyazi, palibe kusankha munthu pongomuyang'ana nkhope, ndipo zotsatira zimalondoledwa ndi gulu lina la akatswiri. Chodabwitsa n'chakuti anapeza anthu ambiri a hepatitis B kuposa a HIV, anthu amene sankadziwa n'komwe kuti chiwindi chawo chili pangozi.

Tisawayeretse kwambiri madokotalawa ayi. Nthawi zina "ndilibe nthawi" imabisa "anthu amenewa ndatopa nawo". Izi zinaonekera ku America pa nkhani ya anthu okodwa mu mankhwala ozunguza bongo a mtundu wa heroin. Mu 2015, Gail D'Onofrio wa ku yunivesite ya Yale ndi anzake anaonetsa kuti mwa odwala amene anayambitsidwa mankhwala a buprenorphine, othandiza munthu kusiya heroin, pomwepo ku casualty, 78 pa 100 alionse anali akulandirabe thandizo patatha masiku 30. Mwa amene anangotumizidwa kwina, anali 37 okha. Umboni ngati umenewu unalipo, komabe zipatala zambiri zinachedwa kutsatira. Lamulo lofuna kuti dokotala akhale ndi chilolezo chapadera cholembera mankhwalawa linathandizira kuchedwako mpaka linachotsedwa kumapeto kwa 2022, koma maganizo akuti munthuyo anazifuna yekha analiponso.

[Chithunzi cha njinga zamoto za kabaza pamsewu]

Kwathu kuno nkhani ndi yolemera kuposa apo, chifukwa amene waima ku casualty nthawi zambiri ndi clinical officer mmodzi ndi anamwino ochepa, kunja mzere utafika pakhonde. Kumuuza kuti aziphunzitsanso wa kabaza aliyense za chisoti n'kumulakwira. Komabe njira yomupeputsira tinaiona kale. Mu 2015 Malawi inayamba kulemba anthu oti ntchito yawo ikhale yoyeza HIV basi, kuti namwino asasiye diripi n'kukachita uphungu. Ndipo ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe kuli kaundula wa ovulala amene anayamba mu 2008 mogwirizana ndi University of North Carolina, momwe amalemba wavulala ndani, motani komanso kuti.

Mphamvu ya ziwerengero za ku casualty inaonekera poyera ku South Africa nthawi ya Covid-19. Boma litaletsa kugulitsa mowa mu 2020, ovulala ofika m'zipatala anachepa kwambiri, ndipo chiletso chikachotsedwa ankachulukanso. Chiletso chinabwerera kumapeto kwa December, pamodzi ndi lamulo loletsa kuyenda usiku. Pa 1 January 2021, chipatala cha Chris Hani Baragwanath ku Soweto chinaonetsa zithunzi za chipinda chake cha ovulala modetsa nkhawa chili chopanda wodwala ngakhale mmodzi, ndipo chinati aka kanali koyamba m'mbiri yake pa tsiku la chaka chatsopano.