Roque Santa Cruz: zigoli 19 ku Blackburn, 3 zokha ku Manchester City. Chinavuta n'chiyani?

Takulandirani okonda mpira nonse. Lero tikukamba za Roque Santa Cruz, katswiri wa ku Paraguay amene ambiri tinamudziwira pa kanema akumwetsa zigoli za hedi mu ligi ya ku England. Mu sizoni ya 2007/08 anagoletsa zigoli 19 za mu ligi ali ku Blackburn Rovers, timu imene inamugula ndi mapaundi 3.5 miliyoni. Patatha zaka ziwiri, Manchester City inalipira mapaundi 17.5 miliyoni, ndipo kumeneko anagoletsa zigoli 3 zokha za mu ligi. Ambiri amangoti anali wa mwayi wa chaka chimodzi. Ife sitikugwirizana nazo. Nkhani yagona pa bondo lake ndi pa mtundu wa mipira imene anzake ankamupatsa.

[Pa kanema: mzinda wa Asunción ndi jezi ya Olimpia]

Santa Cruz anabadwa pa 16 Ogasiti 1981 mumzinda wa Asunción, likulu la Paraguay. Anakulira ku timu ya ana ya Olimpia, imodzi mwa matimu awiri akuluakulu a dzikolo, inayo ndi Cerro Porteño. Mphunzitsi Luis Cubilla anamukwezera ku timu yaikulu akadali mnyamata wapasukulu. Mu 1999, ali ndi zaka 17, anasewera Copa América imene inachitikira kwawo komweko n'kugoletsa zigoli 3. Chaka chomwecho anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse ku Paraguay, ndipo Bayern Munich inamutenga.

Ku Bayern anakhala zaka 8. Mukaona zikho, mungati zonse zinali bwino: ligi ya Bundesliga kasanu, chikho cha Germany kanayi, Champions League ya 2001. Koma onani zigoli: masewero 155 a mu ligi, zigoli 31. Pa sizoni iliyonse ndiye kuti pafupifupi zigoli 4. Kutsogolo kwake kunali Giovane Élber, Carsten Jancker, Claudio Pizarro, kenaka Roy Makaay. Nthawi zambiri ankayambira pa benchi, mwinanso kumuika m'mapiko, malo amene sanali ake. Womwetsa zigoli amakhwima akamasewera mphindi 90 sabata ndi sabata. Kulowa kwatsala mphindi 15 kumapangitsa munthu kuponya mwaphuma, poti akudziwa kuti mpata ndi umodzi womwewo.

Ndiye panabwera za bondo. Mu Okutobala 2005 anaduka mtsempha wa mkati mwa bondo umene madokotala amautcha ACL. Mtsempha umenewu umalumikiza fupa la ntchafu ndi fupa la msongolo, ndipo ntchito yake ndi kugwira bondo kuti lisaterereke munthu akamakhota mwadzidzidzi kapena akamatera pansi atadumpha. Ukaduka sumadzilumikiza wokha. Madokotala amadula kachidutswa ka mtsempha wina, kawirikawiri kuseri kwa ntchafu kapena kutsogolo kwa bondo, amaboola mafupa awiriwo n'kukamangirira pamenepo. Kuti wosewera abwerere m'bwalo pamapita miyezi 6 mpaka 9.

Vuto silithera pa opaleshoni. Pamiyezi imene mwendo sukugwira ntchito, minofu ya ntchafu imaphwa. Wosewera akabwerera minofuyo isanafanane mphamvu ndi ya mwendo winawo, thupi limayamba kulemetsa mbali imodzi, ndipo kuvulala kumasamukira kwina: ntchafu, katumba, bondo linalo. Kwa munthu wamtali kuposa mamita 1.9, amene ntchito yake ndi kudumphira mipira ya m'mwamba n'kutera ndi mwendo umodzi, katunduyo ndi wamkulu. Santa Cruz anasewera World Cup ya 2006 pasanathe miyezi 8 chivulalire, ndipo sanagoletse.

Mu 2007 Bayern inagula Luca Toni ndi Miroslav Klose, ndiye malo anatheratu. Mark Hughes, mphunzitsi wa Blackburn amenenso anasewerako ku Bayern, anamutengera ku timu yakeyo. Pa masewero ake oyamba a mu ligi, ndi Middlesbrough, analowa m'malo mwa Benni McCarthy wa ku South Africa amene anavulala, ndipo asanatenthe n'komwe anali atagwedeza ukonde ndi hedi.

[Pa kanema: chojambula cha bwalo, mivi yochokera m'mapiko]

Apa tidekhe, chifukwa ndi pamene tikumuona bwino wosewerayu. Blackburn inkasewera ndi anthu awiri kutsogolo, ndipo m'mapiko munali David Bentley kumanja ndi Morten Gamst Pedersen kumanzere, onse odziwa kuponya mpira wokhota wopita pa golo. Ntchito ya Santa Cruz inkayamba mpira usanaponyedwe. Ankaima kumbuyo kwa phewa la wotchinga wakutali, malo amene wotchingayo sangaone mpira ndi munthu nthawi imodzi. Bentley akangodzutsa mutu, iye ankabwerera pang'ono, masitepe awiri kapena atatu, kuti apeze pothamangira. Kenaka n'kulowa akuthamanga. Wotchinga amadumpha ataima chilili, pamene wobwera chothamanga amakwera pamwamba pake ngakhale atakhala ofanana msinkhu. Hedi ankaimenya ndi chipumi kulozetsa pansi, chifukwa mpira wonjanja pafupi ndi miyendo ndi umene umavuta goloboyi.

Zimalakwika pati? Ukalowa msanga, umafika mpira usanafike, ndiye umaimanso chilili ngati wotchinga uja. Ukachedwa, goloboyi watuluka kale. Ndipo ngati wa m'mapiko akonda kugwira mpira, kubwerera nawo, kudyetsa njomba kachiwiri, kuthamanga kwako konse kwapita pachabe. N'chifukwa chake wosewera wotereyu amafunika anzake amene akudziwana nawo, oti amadziwa kuti mpira ubwera akaugunda kachingati.

Ntchito yachiwiri inali kulandira mpira atafulatira golo. Goloboyi Brad Friedel akaponya patali, Santa Cruz ankatsekereza wotchinga ndi msana, kuutsitsa ndi chifuwa, n'kudikira anzake akwere. Izi sizilembedwa pa mndandanda wa zigoli, koma ndi zimene zimapumitsa timu yopanikizika.

Mu Disembala 2007 anagoletsa zigoli 3 ku Wigan pa masewero amene Blackburn inagonja 5–3, ndipo anasankhidwa kukhala wosewera wopambana wa mweziwo. Pomaliza sizoni, amene anamuposa zigoli anali atatu okha: Cristiano Ronaldo ndi 31, Fernando Torres ndi Emmanuel Adebayor ndi 24 aliyense. Blackburn inathera pa nambala 7.

Onani tsono zimene zinachitika mu 2008. Hughes anapita ku Manchester City. Bentley anagulitsidwa ku Tottenham. Bondo linayambanso kuvuta. Sizoni yotsatirayo zigoli za mu ligi zinatsika kufika pa 4. Chenjezo linali poyera, komabe City, imene inali itangogulidwa ndi anthu a chuma a ku Abu Dhabi, inalipira kasanu mtengo umene Blackburn inamugulira. Nyengo yomweyo inagulanso Carlos Tevez ndi Adebayor, kuwonjezera pa Robinho ndi Craig Bellamy. Awa ndi anthu okonda mpira wapansi, olowa mkati kukaponya okha. Wa hedi uja anasanduka ngati msodzi amene wapatsidwa ukonde koma amuika pamtunda. Pa 19 Disembala 2009 anagoletsa ziwiri pamene City inagonjetsa Sunderland 4–3, ndipo tsiku lomwelo Hughes, munthu amene ankamukhulupirira, anachotsedwa ntchito. Mphunzitsi watsopano Roberto Mancini atabwera, mpata unachepa. Santa Cruz anatumizidwa pangongole ku Blackburn, kenaka ku matimu a ku Spain a Real Betis ndi Málaga.

Ku Málaga, pansi pa mphunzitsi Manuel Pellegrini, anaonetsa kuti luso silinapite. Mu Malichi 2013 analowa kuchokera pa benchi n'kumenya hedi ya pa kona imene inatulutsa Porto mu Champions League. Málaga inafika m'ndime ya makotafainolo, kumene Borussia Dortmund inaitulutsa ndi zigoli ziwiri za m'mphindi zowonjezera.

Ku timu ya dziko lake anasewera masewero 112 n'kugoletsa zigoli 32, kuposa José Cardozo amene anali ndi 25. Chigoli chake chokha cha World Cup anamwetsa South Africa mu 2002 ku Busan, hedi yochokera pa mpira wa Francisco Arce, masewero amene anathera 2–2. Mu 2010 ku Ellis Park, Johannesburg, Paraguay inakumana ndi Spain mu kotafainolo. Goloboyi wa Spain Iker Casillas anagwira penate ya Óscar Cardozo, David Villa anagoletsera Spain, ndipo kutatsala pang'ono kutha Casillas yemweyo anatchinga mpira wa Santa Cruz wapafupi ndi golo. Paraguay inatuluka 1–0.

Atadutsa ku Cruz Azul ya ku Mexico, mu 2016 anabwerera ku Olimpia ali ndi zaka pafupifupi 35. Ambiri ankati wabwera kudzatsanzika. Ligi ya Paraguay imakhala ndi mipikisano iwiri pachaka, Apertura ndi Clausura, ndipo Olimpia inatenga yonse inayi ya 2018 ndi 2019 pansi pa mphunzitsi Daniel Garnero, n'kuwonjezera Clausura ya 2020. Kasewero kake kanasintha. Anasiya kuthamangitsana ndi otchinga m'mbali mwa bwalo, ankayenda pakati, kutsika pang'ono kudzalandira mpira, kuupereka pougunda kamodzi, n'kusunga mphamvu ya kuthamanga kwa mamita 10 olowera m'bokosi. Timu inamangidwa momuzungulira ngati ku Blackburn, ndipo zigoli zinabwerera. Mu 2019, ali ndi zaka 38, anasankhidwanso kukhala wosewera wopambana ku Paraguay, patatha zaka 20 chilandirire ulemuwu koyamba. Mu 2020 Adebayor, amene ankalimbirana naye malo ku City, anabwera kudzasewera naye ku Olimpia kwa kanthawi kochepa. Mu 2022 Santa Cruz anapita ku Libertad, timu inanso ya ku Paraguay, kumene anapitiriza kutenga ligi ndi kugoletsa atadutsa zaka 40.